Kunyumba nyali zimamvera, mu holo zikubalalika: poyambira kusaka vuto

Lachinayi usiku munakhala pabalaza mpaka tambala woyamba, laputopu pamiyendo, nyali zonse mutaziyala pansi. Munakonza scene (maonekedwe a nyali osungidwa mu pulogalamu) yolowera akwati, ya podula keke, ya perekaniperekani, ndi ina yothamanga ya achinyamata madzulo. Chilichonse chinamvera. Loweruka mwafika mu holo, mwaimika masitandi, mwalumikiza, ndipo pamene a MC akuti tonse tiimirire akwati akulowa, nyali yakumanzere yayamba kuphethira yokha, moving head (nyali ya mutu woyenda) imodzi yaloza kudenga, ndipo kufiira kumene munasankha kukutuluka ngati pinki.

Ndayenda ndi disiko m'maukwati, m'zinkhoswe ndi m'maholo a sukulu, ndipo zimenezi zandigwerapo kangapo. Langizo langa loyamba, anzanga, ndi lakuti musathamangire kusintha scene. Failo imene ili mu laputopu sinasinthe muli m'galimoto. Zimene zasintha ndi zingwe, magetsi a pamalopo, ndi manja amene agwira nyalizo pokweza ndi potsitsa. Mukayamba kukonza scene mu holo anthu akukuyang'anani, mumaononga ntchito yabwino pofuna kubisa vuto limene lili kwina, ndipo Loweruka linalo mavuto amakhala awiri.

Kuti timvane, tikumbutsane pang'ono mmene zimayendera. Nyali zathuzi zimalankhulana ndi laputopu kudzera mu DMX512, njira imene bungwe la USITT la ku America linakhazikitsa mu 1986. Pa mzere umodzi pamayenda matchanelo 512, ndipo tchanelo iliyonse imanyamula nambala yoyambira 0 kulekeza 255. Laputopu imangotumiza manambalawo mobwerezabwereza, pafupifupi ka 44 pa sekondi mzere ukadzaza. Simamva yankho. Nyali ikamva molakwika, palibe chimene chimabwerera kudzakuuzani, n'chifukwa chake pa sikirini zonse zimaoneka bwino pamene kusiteji kwavuta. Zitsanzo zanga nditenga pa QLC+, pulogalamu yoyendetsera nyali pa laputopu, popeza ndi yaulere ndipo ambiri timayambira pamenepo, koma wa Freestyler, Daslight kapena SoundSwitch azizindikira.

Yambani ndi kasikirini kakumbuyo kwa nyali

Vuto likakhala pa nyali imodzi kapena ziwiri, zina zili bwino, pitani kumbuyo kwake mukawerenge. Pali zinthu ziwiri: adiresi, kutanthauza tchanelo imene nyali imayambira kumvera, ndi modi, imene imanena kuti nyaliyo igwira ndi matchanelo angati. Nyali yomweyo imatha kugwira ndi matchanelo 4, 7 kapena 8 malinga ndi mmene yaikidwira. Tinene kuti muli ndi ma par 4 (nyali zosayenda, zongowalitsa mitundu) a matchanelo 7: maadiresi ake ndi 1, 8, 15 ndi 22. Moving head ya matchanelo 14 iyambira pa 29 n'kulekeza pa 42, yachiwiri iyambira pa 43. Wina akadina batani ponyamula, nyali ya pa 29 n'kulowa modi ya matchanelo 9, idzayakabe ndipo idzayendabe, koma nambala imene munatumiza ngati dimmer, yokweza ndi kutsitsa kuwala, iyo idzaimva ngati china chake. Ndiye kuphethira kopanda chifukwa kuja. Choopsa kwambiri ndi tchanelo ya reset, imene pa ma moving head ambiri imakhala chakumapeto. Nambala yolakwika ikagwera pamenepo kwa masekondi angapo, nyali imazima n'kuyamba kuzungulira ngati yangoyatsidwa kumene, pakati pa nyimbo.

Nyali zakale za timaswichi ting'onoting'ono nazo zimasokonezeka mosavuta, chala chimodzi n'chokwanira. Timaswichito timawerengedwa 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64, 128, 256. Adiresi 22 ndi 16, 4 ndi 2, kutanthauza kaswichi kachisanu, kachitatu ndi kachiwiri. Ine ndinamata tepi yoyera kumbuyo kwa nyali iliyonse n'kulembapo adiresi ndi modi ndi maka, kuti ngakhale mnyamata wondithandiza aziona yekha ngati zasiyana.

Tsono pali mdani wina amene anandidyera Loweruka lathunthu ndisanamudziwe. Nyali zambiri zotchipa zili ndi modi ya master, yopangidwira munthu amene alibe laputopu: nyali imodzi imatsogolera, zina zimatsatira. Nyali ikakhala pa master, kapena pa modi yovina yokha ikamva besi, zambiri mwa izo zimayamba kutumiza DMX yakeyake pa chingwe chomwecho. Apa olamula akhala awiri pa mzere umodzi, ndipo nyali zonse zimanjenjemera, ngakhale zimene zili pakati pa iyo ndi laputopu. Mukaona mzere wonse wapenga nthawi imodzi, yendani nyali ndi nyali. Imene kasikirini kake sikakuonetsa adiresi, koma mawu ena monga Auto kapena Sound, ndi imeneyo. Izi zimachitika kwambiri mukabwereketsa nyali kwa mnzanu amene amaziyendetsa popanda laputopu, kapena mukabwereka zake kuti muonjezere.

Zingwe

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ambiri timadzinamiza. Pulagi ya DMX ya mapini 3, yotchedwa XLR, ndi yofanana ndendende ndi ya maikolofoni, ndiye timangotola chingwe chilichonse m'chikwama. Pabalaza, nyali zinayi, mamita asanu, chimagwira. Mu holo, nyali khumi ndi ziwiri, mamita makumi anayi, chimayamba kunama. Chingwe cha DMX chinapangidwira ma ohm pafupifupi 120 ndi uthenga wothamanga, mabiti 250,000 pa sekondi. Cha maikolofoni chinapangidwira mawu, ndipo mtunda ukatalika chimafafaniza uthengawo mpaka nyali kulephera kusiyanitsa 0 ndi 1. Zizindikiro zake n'zodziwika: nyali zakumapeto kwa mzere ndi zimene zimavuta kwambiri, moving head imagwedezeka pang'onopang'ono itaima, ndipo vuto limabwera n'kupita popanda inu kugwira kanthu.

Chinthu chotchipa kuposa zonse m'chikwama changa ndi chimene chandipulumutsa kambiri: terminator. Uthenga ukafika kumapeto kwa chingwe n'kupeza palibe kanthu, umabwerera m'mbuyo ngati mawu m'phanga, n'kusokoneza umene ukubwera. Terminator imaumeza. Ndi resistor ya ma ohm 120 yowotchereredwa pakati pa pini 2 ndi pini 3 mkati mwa pulagi yaimuna ya XLR, ndipo mumaibaya potulukira DMX pa nyali yomaliza. Aliyense wokonza mawailesi pamsika akhoza kukupangirani mphindi zochepa. Pangitsani ziwiri, chifukwa imodzi idzatsalira pa nyali kapena mu holo.

Musagawe DMX ndi chingwe cha mphanda, chija chotulutsa ziwiri kuchokera kumodzi. Pa mawu chimagwira, pa DMX chimabweretsa kubwerera kuja kawiri. Ngati mukufuna mzere wina upite kumanzere wina kumanja, gulani splitter yeniyeni, makamaka yolekanitsa magetsi a mbali ziwirizo, imene amalemba kuti opto-isolated. Lamulo la DMX limati nyali zisapitirire 32 pa mzere umodzi, koma ndi nyali zotchipa ine sindidikira kufika pamenepo.

Kupeza chingwe chimene chadwala sikufuna nzeru zambiri, kumafuna kudekha. Zulani mzere pakati. Ngati theka loyamba lakhazikika, vuto lili ku theka linalo. Zulaninso pakati pa limenelo. Nyali khumi ndi zisanu ndi imodzi mumazimaliza pozula kanayi. Mukafika pamalopo, sinthani chingwe. Chikapanda kuthandiza, idumpheni nyaliyo polumikiza zingwe ziwirizo mwachindunji, chifukwa nthawi zina chodwala ndi kachipangizo kolandira DMX mkati mwa nyali, ndipo kamaipitsa mzere wonse. Chingwe chimene mwachigwira chikunama musachibwezere m'chikwama cha zabwino. Chimangeni mfundo pomwepo. Kawirikawiri ndi waya umodzi, wa pini 2 kapena 3, umene wathothoka mkati mwa pulagi, ndipo chodabwitsa n'chakuti DMX imatha kuyendabe mwa apo ndi apo ndi waya umodzi, ndiye chingwecho chimapambana mayeso kunyumba n'kukugwetsani mu holo. Ngati munagula nyali yakale kwambiri, monga zina za Martin za zaka za m'ma 1990, dziwani kuti zinalipo zimene mapini 2 ndi 3 anali otembenuza. Zimafuna kachingwe kosinthanitsa mapiniwo.

Chenjezo limodzi: zingwe za DMX muziike tepi ya mtundu wake. Chingwe chochokera ku nyali chikalowa mu mikisa pamene phantom, magetsi a mavoti 48 amene mikisa imapatsa maikolofoni, ili yoyatsa, mukhoza kuotcha cholandirira DMX cha nyaliyo.

Kabokosi ka USB ndi laputopu

Timabokosi tosandutsa USB kukhala DMX tili mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake kumaonekera pa ntchito. Totchipa, topangidwa motsanzira Enttec Open DMX USB, tilibe ubongo waketake: laputopu ndi imene imawerengera nthawi ya uthenga uliwonse. Laputopuyo ikatanganidwa, mwina mukuimbiranso nyimbo pomwepo ndi VirtualDJ kapena Serato, kapena Windows yayamba zake kumbuyo, uthenga umadukaduka ndipo nyali zimaphethira. Ta mtundu wa DMX USB Pro tili ndi purosesa mkati, timasunga manambala omaliza n'kumawatumizabe mosadukiza ngakhale laputopu itapuma kaye. Ngati kuphethira kumabwera pamene mukutsegula nyimbo yatsopano kapena kusaka mu foda, musavutike ndi zingwe, vuto lili apa. Ndalama zikalola, gulani kamtundu wachiwiriko. Zikavuta, nyali zipatseni laputopu yakeyake, ngakhale yakale, chifukwa QLC+ silemera. Kutsitsa liwiro lotumizira DMX m'makonzedwe a kabokosiko kumathandizanso nyali zina zotchipa zimene zimalephera kutsatira.

Mu Windows, zimitsani USB selective suspend, letsani laputopu kugona, ndipo tsiku la ntchito isakhale pa intaneti. Kabokosiko kabayeni musanatsegule pulogalamu, pa doko lomwelo nthawi zonse, osadzera pa hub. Nyali zonse zikakhala chete, onani tsamba la Inputs/Outputs ngati mzere wanu udakalumikizidwa ku kabokosiko. Onaninso zinthu zitatu zimene zimaiwalika munthu akapanikizika: Blackout (batani lozimitsa nyali zonse) ili yoyatsa, Grand Master (yolamulira kuwala konse) ili pansi, ndi pulogalamu idakali pa Design, pokonzera, pamene mabatani amafuna Operate, poyendetsera.

Yesaninso ichi: zulani tchaja, laputopu iyende pa batire. Kuphethira kukasiya, ndiye kuti phokoso la magetsi likulowera pa tchaja n'kudutsa mu kabokosi kosalekanitsa magetsi. Splitter ija imathetsa zimenezi. Musathyole kapena kuchotsa waya wa earth pa pulagi pofuna kuthana nazo. Masitandi ndi achitsulo ndipo ana amawagwira.

Za DMX yopanda zingwe ndinene mwachidule. Zambiri zimayenda pa 2.4 GHz, pomwe pamayendanso Wi-Fi ndi Bluetooth. Mu holo yopanda anthu masana imagwira bwino, anthu mazana atatu akalowa ndi mafoni awo imayamba kudumpha. Kwezani chotumizira pamwamba pa mitu ya anthu, chizionana ndi cholandirira, ndipo chingwe chachitali chikhale pafupi.

Magetsi a pamalopo

Ma moving head akamazima n'kuyambiranso onse pamodzi, makamaka besi ikagunda, DMX ilibe mlandu. Mphamvu ikutsika. Kwathu kuno timayembekeza mavoti 230, koma kumapeto kwa ekisitenshoni yopyapyala ya mamita makumi asanu, imene yanyamulanso maampu, safika. Makina a utsi nawo amakoka kwambiri akamatenthetsa, ndipo amadziyatsa okha nthawi ndi nthawi, ndiye vuto limaoneka ngati likungobwera mwa mwayi. Pa ukwati wina ndinasaka kwa ola lathunthu, kenaka n'kupeza kuti soketi yanga inali pa mzere umodzi ndi ketulo yaikulu ya amayi ophika tiyi kuseri. Funsani woyang'anira holo kuti masoketi ati ali pa breaker iti, nyali muzipatse mzere wosiyana ndi maampu, ndipo ekisitenshoni ya pa gudumu muitambasule yonse kuti isatenthe.

Magetsi akathima n'kusamukira ku jenereta, zimitsani nyali pa swichi, jenereta ikhazikike kaye, kenaka muziyatse m'magulu. Mukatero dikirani ma moving head amalize kuzungulira kwawo koyamba musanadine scene.

Pamene vuto lilidi mu scene

Tsopano tinene kuti adiresi ili bwino, zingwe zili bwino, magetsi akhazikika, koma kufiira kukutulukabe pinki. Apa ndiye tatsegula pulogalamu, ndipo nkhani yaikulu ndi ya ma scene awiri oyaka nthawi imodzi.

Ma scene awiri akafuna tchanelo imodzi, pulogalamu imaweruza m'njira ziwiri. Pa matchanelo a kuwala imatsata HTP: nambala yaikulu ndiyo ipambana. Pa ena onse, monga malo olozera, gobo (kachithunzi kamene nyali imaponya) ndi gudumu la mitundu, imatsata LTP: yobwera pomaliza ndiyo ipambana. Mu QLC+, matchanelo a kufiira, girini ndi buluu a ma par amawerengedwa ngati a kuwala. Ndiye mukadina scene yofiira musanazimitse ya buluu, yofiirayo sichotsa buluu. Zonse ziwiri zimayaka, n'kutuluka pinki uja. Muonjezere ya girini, holo yonse iyera mbee. Kunyumba simunazione chifukwa munkayesa scene imodziimodzi, mosapupuluma. Mankhwala ake ndi Solo Frame: mabatani onse a mitundu aikeni mu felemu imodzi yotero, ndipo mukadina limodzi, linzake lizizima lokha. Mabatani a malo olozera akhale mu ina, a gobo mu inanso.

LTP ili ndi khalidwe lina: scene ikazima, tchanelo imatsala pomwe inasiyidwa. N'chifukwa chake gobo ya maluwa imene munagwiritsa podula keke imapezeka idakalipo nthawi ya amapiano. Scene yatsopanoyo sinanene kanthu za gobo, ndiye nyali yangosunga lamulo lakale. Konzani scene imodzi yobwezera zonse pachiyambi: gobo yotsegula, prism (kagalasi kochulukitsa chithunzi) yozima, strobe (kuphethira kothamanga) yozima, tchanelo ya mapulogalamu a mkati mwa nyali pa 0. Tchanelo yomalizayi ndi yofunika kuiyang'anitsitsa, chifukwa pa ma par ambiri ikangochoka pa 0, nyali imasiya kumvera mitundu yanu n'kuyamba yakeyake. Ndipo ngati munakankhapo slider mu Simple Desk, tsamba lokankhira matchanelo pamanja, poyesa nyali masana, tchanelo imeneyo imakhala yogwidwa, yosamvera scene iliyonse, mpaka mutaimasula.

Nyali imene ili bwinobwino koma siyaka mu scene imodzi yokha, kawirikawiri mwaiwala shutter kapena dimmer yaikulu. Mitundu ili pa 255, koma chitseko n'chotseka. Nambala yotsegulira shutter imasiyana nyali ndi nyali, ndiye werengani kabuku kake. Apa ndionjezere kuti nyali zambiri zopanda dzina zimabwera ndi kabuku kosagwirizana ndi zimene zili mkati, ndipo failo yofotokoza nyali imene mwaipeza mu pulogalamu ikhoza kukhala ya ina yongofanana nayo chikopa. Khalani nayo pansi usiku umodzi, muzikankha tchanelo imodziimodzi kuchokera 0 mpaka 255, muzilemba chimene chikuchitika, kenaka mupange failo yanu mu Fixture Definition Editor. Ndi ntchito yotopetsa, koma imachitika kamodzi.

Kenaka pali fade. Mukaika masekondi atatu kuti scene ilowe mofatsa, pulogalamu imayendetsa matchanelo onse pang'onopang'ono, kuphatikizapo gudumu la mitundu ndi la gobo. Kuchoka pa nambala 10 kupita pa 90, gudumulo limadutsa mitundu yonse ya pakati, anthu akuona. Pa nthawi ya akwati kuvina okha awiri, zimenezi zimaononga chithunzi. M'makonzedwe a matchanelo, chotsani chilolezo cha fade pa gudumu la mitundu, gobo, shutter ndi prism, kuti zizidumpha nthawi imodzi pamene kuwala ndi kuyenda kukutsetsereka. Moving head ikamayenda modukiza pa fade yaitali, onani ngati modi yanu ili ndi matchanelo a pan fine ndi tilt fine, osalaza kayendedwe ka m'mbali (pan) ndi ka m'mwamba ndi pansi (tilt), komanso ngati failo ya nyaliyo ikuwadziwa.

Chaser (ma scene osinthana okha motsatizana) yosagwirizana ndi nyimbo ndi masamu chabe. Gawani 60,000 ndi BPM, kugunda kwa nyimbo pa mphindi imodzi: nyimbo ya 120 ndi mamilisekondi 500 pa kugunda kulikonse, ya 112 ndi pafupifupi 536. Koma DJ sakhala pa liwiro limodzi usiku wonse, ndiye lumikizani ma chaser anu ku Speed Dial, muzigunda batani la tap ndi chala nyimbo ikasintha. Strobe muigwire ndi mtima wachifundo: kuphethira kothamanga kumatha kugwetsa munthu wa khunyu, ndipo pa ukwati simudziwa amene wabwera. Ine ndimaiika pa batani loyaka pokhapokha chala chili pomwepo.

Chomaliza ndi chimene chimasinthadi holo iliyonse: kumene nyali zikuloza. Sabata yatha tebulo la akwati linali pakati, lero lili pakona. Sabata yatha nyali zinali pa sitandi, lero mwazipachika chadodolido. Ngati munasunga malo, mtundu ndi kuwala mu scene imodzi, ndipo ma scene otero alipo makumi anayi, muyenera kukonza onse. Alekanitseni. Malo olozera akhale ma scene awoawo, ochepa: khomo lolowera, tebulo la akwati, pa keke, bwalo lovinira, denga. Mitundu ikhale payokha. Kenaka muziphatikiza ndi Collection. Mukafika pamalo atsopano, mukonza ma scene asanu aja mphindi khumi, ndipo zonse zomangidwa pa iwo zitsatira. Nyali yopachikidwa chadodolido itembenuzeni pan ndi tilt pa menyu yake, osati mu scene.

Pa mabatani anga pali limodzi lalikulu, lakumanja kwenikweni, loyatsa kuyera kofunda pa ma par onse popanda chilichonse choyenda. Ndi la perekaniperekani, kuti owerenga ndalama aziona bwino manoti ndiponso wojambula apeze nkhope za anthu, chifukwa buluu ndi girini zimadetsa khungu lathu pa kamera. Ndi lomwelonso limene ndimadina chinthu chikasokonekera: holo imakhala yowala, mwambo ukupitirira, ine ndili kuseri kwa sitandi ndi tochi. Failo ya ntchito, ya .qxw ija, pamodzi ndi mafailo a nyali amene munapanga nokha, ikhalenso pa fulashi m'thumba la malaya. Ndipo pa menyu ya ma par, ngati ili ndi posankha chochita DMX ikatayika, ikani pa Hold, kuti laputopu ikazima mwadzidzidzi nyali zitsale pa kuwala komaliza pamene mukuiyatsanso.